Ndilembe kaye mayeso a Linux, kapena ndiyambe kufuna makasitomala?

Wowerenga wina wafunsa motere: "Ndakhala ndikusamalira makompyuta pa kampani ina yaing'ono kwa zaka zingapo. Seva ya mafayilo ndi ya webusaiti zonse ndi za Linux, ndipo ndinaziphunzira ndekha. Tsopano ndikufuna kusiya kuti ndizigwira ntchito pandekha, kuthandiza maofesi ndi mabizinesi omwe amagwiritsa ntchito mapulogalamu a open source (omwe aliyense angawatenge, kuwaona m'kati ndi kuwasintha). Koma ndilibe satifiketi iliyonse. Mnzanga akuti popanda pepala palibe angandipatse ntchito. Kodi ndilembe kaye mayeso, kapena zomwe ndikudziwazi n'zokwanira?"

Musadikire pepala kuti muyambe. Mnzanuyo sakunama, kungoti akunena za msika wina, wa anthu ofuna kulembedwa ntchito m'makampani akuluakulu. Kumeneko makalata ofunsira ntchito amabwera mulu, ndipo amene amayamba kuwasankha nthawi zambiri si munthu wa makompyuta. Iye amangoyang'ana ngati zilembo zomwe anauzidwa zilipo pa CV, zikasowa kalatayo imapita pambali. Chimodzimodzi mabungwe akamaitana makampani kuti apikisane pa kontrakiti, amatha kulemba kuti wogwira ntchitoyo akhale ndi satifiketi yakutiyakuti, ndipo pamenepo simungatsutsane ndi fomu. Koma mwini bizinesi yaing'ono amene seva yake yaima sadziwa kusiyana kwa masatifiketi a Linux monga LPIC ndi RHCSA, ndipo alibe nazo ntchito. Funso lake ndi limodzi: munathandizapo ndani, ndipo munthuyo ndingalankhule naye? Amafunsa chonchi chifukwa akudziwa chomwe akufuna kukupatsani. Akakupatsani pasiwedi ya root, akaunti yaikulu ya pa seva, wakupatsani mphamvu yowerenga fayilo iliyonse, kuphatikizapo malipiro a antchito ndi mndandanda wa makasitomala ake, komanso mphamvu yofufuta zonse ndi mzere umodzi. Munthu sapereka zimenezi chifukwa choona pepala. Amapereka chifukwa wina amene amamukhulupirira wanena kuti mnyamata uyu, kapena mayi uyu, ntchito amaidziwa ndipo alibe manja aatali.

Mbali yachiwiri ya funso lanu sindingaivomere mwachangu. Mukufunsa ngati zomwe mukudziwazo n'zokwanira. Zokwanira pa maseva a kampani yanu, inde, popeza munawakhazikitsa nokha ndipo mukudziwa pomwe chilichonse chili. Ntchito ya pawekha ndi ina. Kawirikawiri mudzaitanidwa pa seva yomwe anakhazikitsa munthu wina amene anachoka kalekale, sanasiye cholemba chilichonse, ndipo mwina anachoka atakangana ndi bwana. Mudzapeza Linux wa mtundu womwe simunauzolowere, ma script (timapulogalamu tating'ono) opanda ndemanga akuyenda usiku mu cron (pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika), ndi pulogalamu ina yomwe palibe akudziwa ntchito yake koma aliyense akuopa kuizimitsa. Luso lolowa m'ntchito ya munthu wina n'kuimvetsa musanaikhudze silibwera ndi zaka zokhala pa seva imodzi.

Tiyeni tione mapepalawo, chifukwa si ofanana. Bungwe la Linux Professional Institute linayamba mu 1999, ndipo satifiketi yake ya LPIC-1 imafuna mayeso awiri, 101 ndi 102, aliwonse a mafunso 60 m'mphindi 90. Mafunso ambiri ndi osankha yankho, ena olemba command kapena dzina la fayilo. Ubwino wake n'ngwakuti siyikondera mtundu umodzi wa Linux, ndipo imakhala zaka 5. Bungwe la CompTIA lili ndi Linux+, yomwe imafuna kukonzanso pakatha zaka 3. Kampani ya Red Hat inatenga njira ina kuyambira pomwe inayambitsa satifiketi ya RHCE mu 1999: palibe kusankha A kapena B. Pa mayeso a RHCSA, satifiketi ya Red Hat ya pansi pa RHCE, amakupatsani makina enieni ndi mndandanda wa ntchito, monga kupanga ma akaunti, kugawa disiki, kukonza netiweki, kulowa m'makina omwe pasiwedi yake ya root simukuidziwa. Intaneti palibe, muli ndi ma man page (malangizo a ma command) ndi zolemba zomwe zili m'makinamo basi. Ndipo zomwe mwakonzazo ziyenera kukhalabe makinawo akazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Lamulo limeneli ndimalikonda kwambiri, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri odziphunzitsa okha amagwera pa ntchito yeniyeni: chinthu chimayenda lero, magetsi n'kuthima, mawa chaiwala zonse. RHCE ya masiku ano yatsamira pa Ansible, kutanthauza kuyendetsa maseva ambiri ndi malangizo olembedwa kamodzi. Linux Foundation nayo ili ndi LFCS ndi CKA ya Kubernetes (pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ambiri pa gulu la maseva), zonse zolemba pa terminal yeniyeni, pomwe pamalembedwa ma command.

Ine ndikaona mapepala awiri, la mayeso osankha yankho ndi la mayeso ogwira ntchito ndi manja, lachiwirilo ndimalilemekeza kuposa. Mayeso osankha yankho ali ndi nthenda yodziwika: mafunso ake amabedwa n'kumagulitsidwa pa intaneti, anthu n'kuloweza mayankho osamvetsa kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo aliyense amene anafunsapo anthu ofuna ntchito ya maseva anakumanapo ndi munthu wa masatifiketi atatu amene wamupatsa terminal n'kuyamba kutuluka thukuta. Sindikunena kuti LPIC ndi yachabe. Amene waiwerengera moona mtima amatulukamo akudziwa zambiri. Kungoti pepalalo palokha silingandiuze kuti munthuyu ndi uti mwa awiriwo.

Phindu lalikulu la mayeso kwa munthu ngati inu lili pa mndandanda wa mitu yake, ndipo mndandandawo mabungwe onsewa amauika poyera pa mawebusaiti awo, kwaulere. Munthu wodziphunzitsa yekha amadziwa mozama zomwe zinamuvutitsapo, koma zomwe sanakumane nazo sadziwa n'komwe kuti ziliko. Tengani mitu ya RHCSA kapena ya LPIC-1, muyende nayo umodziumodzi, mudzifunse ngati mungachite chinthucho popanda kufufuza. Ndikhoza kulosera pomwe mukapunthwe. SELinux, chitetezo choletsa mapulogalamu kukhudza zomwe sanaloledwe, ndi woyamba, popeza ambiri amangomuzimitsa tsiku loyamba m'malo mophunzira chifukwa chomwe akukanira. Kenako LVM (njira yogawira malo a pa disiki) ndi kukulitsa disiki makina ali m'kati mogwira ntchito, kulemba unit yanuyanu ya systemd (fayilo ya malangizo ya pulogalamu yoyambitsa ntchito za makina), ndi kudzutsa makina omwe akukana kuyamba chifukwa cha mzere wolakwika mu fstab, fayilo yonena madisiki oti atsegulidwe makina akamayamba. Mukatseka mipata imeneyi mwatenga kale gawo lalikulu la phindu la mayesowo musanalipire kalikonse.

Koma pali zina zomwe palibe mayeso angakuyeseni, ndipo ndi zomwezo kasitomala akulipira. Pa mayeso vuto amakuuzani. Pa ntchito foni imangoti "sizikutheka", ndipo muyenera kufukula nokha kuti n'chiyani sichikutheka, chinayamba liti, ndipo n'chiyani chinasintha dzulo lake. Aliyense adzakuuzani kuti sanakhudze kanthu. Pakapita nthawi mumazolowera kuyamba ndi zinthu zooneka zopusa: disiki yadzaza ndi ma log, kapena malo alipo koma ma inode (malo olembetseramo fayilo iliyonse pa disiki) atha chifukwa cha timafayilo ting'onoting'ono mamiliyoni, kapena satifiketi ya chitetezo cha webusaiti yochokera ku bungwe la Let's Encrypt, yomwe mwachizolowezi imakhala masiku 90, yatha chifukwa kachipangizo koikonzanso kanasiya kuyenda miyezi itatu yapitayo popanda woona. Mumazoloweranso kudziletsa. Wongoyamba kumene akaona seva yakale amayabwidwa manja kuti aikonze yonse tsiku lomwelo. Wozolowera amakopera kaye fayilo asanaisinthe, amasintha chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo sayambitsa update yaikulu madzulo a tsiku lomaliza la sabata pokhapokha ngati akufuna kugona mu ofesi ya eni ake.

Pa backup ndiye ndichedwepo, chifukwa apa ndi pomwe mbiri ya munthu wogwira ntchito payekha imamangidwa kapena kugumuka. Pa 31 Januwale 2017, injiniya wa kampani ya GitLab, atatopa ndi vuto lomwe ankalimbana nalo usiku, anafufuta mafayilo a database pa seva yaikulu akuganiza kuti ali pa seva yachiwiri. Pomwe ankazindikira, pafupifupi ma gigabyte 300 anali atapita. Kulakwitsa kotere aliyense angakuchite. Choopsa chinaoneka pambuyo pake: njira zingapo za backup zomwe kampaniyo inkadalira zinapezeka kuti sizinkagwira ntchito. Imodzi inkalephera mwakachetechete chifukwa pulogalamu ya pg_dump yomwe ankagwiritsa ntchito pokopera database inali yakale poyerekeza ndi PostgreSQL, pulogalamu ya database ya pa sevayo, ndipo ma imelo ochenjeza za kulepheraku sankafika. Anapulumukira pa kope lomwe linatengedwa maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo ntchito ya anthu ya maola amenewo inatayika. Kampaniyo inalemba zonsezi poyera, ndipo ndi nkhani yomwe aliyense wofuna ntchito imeneyi ayenera kuiwerenga. Anthu amenewa sanali osadziwa ntchito. Chomwe chinasowa ndi munthu woti nthawi ndi nthawi azitenga backup n'kuyesa kubwezeretsa pa makina ena kuti aone ngati ikutsegukadi. Ndiye ndikufunseni: ku kampani komwe muliko, munayesapo kubwezeretsa seva yonse kuchokera pa backup, kuyambira pa disiki yopanda kanthu mpaka ogwira ntchito kutsegula mafayilo awo? Ngati simunayesepo, chitani zimenezo sabata ino musanaganize za mayeso aliwonse, ndipo mulembe nthawi yomwe zakutengerani. Nambala imeneyo kasitomala amaimva bwino kuposa zilembo za pa pepala.

Kumbukiraninso kuti zinthu za Linux sizikhala malo amodzi, n'chifukwa chake masatifiketi ali ndi tsiku lothera. Amene anakhoza mayeso systemd isanafale anadzapeza kuti Red Hat Enterprise Linux 7 mu 2014 ndi Debian 8 mu 2015 zasintha kayambidwe ka makina. Mu Disembala 2020 kunalengezedwa kuti CentOS Linux, yomwe maofesi ambirimbiri ankaidalira ngati Red Hat waulere, isiyidwa, mphamvu zonse zipite ku CentOS Stream. CentOS 8 inathera kumapeto kwa 2021, CentOS 7 pa 30 Juni 2024, ndipo m'malo mwake munabadwa Rocky Linux ndi AlmaLinux. Mpaka lero maseva a CentOS 7 alipo m'maofesi, akuyenda opanda zigamba za chitetezo, eni ake osadziwa. Imeneyo ndi ntchito yoyembekezera munthu ngati inu, ndipo kusamutsa seva yotere popanda kuimitsa bizinesi sikupezeka pa mayeso aliwonse. Nkhani za chitetezo nazo sizidikira kuti silabasi isinthe. Heartbleed ya mu OpenSSL inatulukira mu Epulo 2014, vuto la Log4j mu Disembala 2021, ndipo tsiku lotero kasitomala amafuna kumva mawu awiri okha: zikutikhudza, kapena ayi. Kuti muyankhe muyenera kudziwa chomwe chili pa seva iliyonse yomwe mumasamalira.

Nkhani ya xz imandisangalatsa pa mkangano wanu ndi mnzanuyu. Mu Malichi 2024, Andres Freund, mmodzi wa olemba PostgreSQL, anaona kuti kulowa pa SSH (njira yolowera m'makina uli patali) pa makina ake oyesera kukudya mphamvu ya purosesa mopitirira komanso kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ambiri akanangopitirira. Iye anatsata mpaka anapeza khomo lachinsinsi lomwe munthu wina analowetsa dala mu xz, kapulogalamu kofinya mafayilo komwe kali pafupifupi mu Linux aliyense, ndipo linagwidwa lisanafike m'mitundu yokhazikika ya Linux yomwe maseva ambiri amagwiritsa ntchito. Chomwe chinamuthandiza n'chakuti ankadziwa mmene makina abwinobwino amayendera, mwakuti kusintha kochepa kunamukhumudwitsa. Khutu limenelo limabwera ndi kukhala nawo makinawo nthawi yaitali, ndipo mbali imeneyi inu muli nayo kale pang'ono.

Vuto la luso n'lakuti silioneka, pomwe pepala limaoneka. Mwayi wa open source ndi woti luso mukhoza kuliika poyera. Tsegulani akaunti pa GitHub kapena GitLab, muikepo ma script anu a backup ndi ma playbook a Ansible, mutachotsamo mapasiwedi, ma adilesi ndi chilichonse cha kampani yomwe mukugwirako. Mukapeza cholakwika mu pulogalamu ina, lembani lipoti labwino kwa eni pulojekitiyo: munachita chiyani, munayembekezera chiyani, chinachitika n'chiyani, log ikuti chiyani. Lipoti lotere limasonyeza kaganizidwe kanu kuposa CV. Pezani kompyuta yakale, muikepo Proxmox kapena KVM (zoyendetsera maseva angapo pa kompyuta imodzi), mupange maseva angapo oyesera a Debian, Ubuntu ndi Rocky Linux, kenako muziwaononga dala n'kumawadzutsa. Ntchito iliyonse yomwe mwagwira ilembeni m'ndime ziwiri: vuto linali lotani, munapeza chiyani, zinatha bwanji, osatchula mwini wake ngati sanalole. Ndipo musachoke ku kampani yanu ndi mkangano. Bwana wanu wa lero ndiye mboni yanu yoyamba, ndipo si zachilendo kuti iyeyo akhalenso kasitomala woyamba, popeza maseva munawasiyawo adzafunabe wowasamalira. Werengani kontrakiti yanu ya ntchito musanayambe kuyendera makasitomala a kampaniyo.

Mvetsaninso chomwe mukugulitsa. Pulogalamuyo ndi yaulere, aliyense angaitenge. Koma laisensi ya GPL, yomwe mapulogalamu ambiri otere amatuluka nayo, imanena ndi zilembo zikuluzikulu kuti pulogalamuyo ilibe chitsimikizo chilichonse, ikaononga zinthu palibe woti mumugwire. Kwa mwini bizinesi mawu amenewa akutanthauza kuti zikavuta palibe woimbira foni. Inu mukugulitsa kukhala woimbiridwayo. Red Hat inakula ndi malonda omwewa mpaka IBM inaigula mu 2019 pa madola 34 biliyoni. Mudzakumana ndi makasitomala oganiza kuti popeza pulogalamu ndi yaulere, woikonza nayenso akhale wotchipa. Musakangane nawo za open source. Afunseni kuti seva ikaima tsiku lathunthu bizinesi yawo itaya zingati, kenako mukambirane kuchokera pamenepo.

Musadzilengeze kuti mumakonza chilichonse cha Linux. Sankhani zinthu zochepa zomwe mabizinesi ang'onoang'ono amafunadi ndipo muzidziwe mpaka pansi: kugawana mafayilo ndi Samba kapena Nextcloud, mawebusaiti a WordPress, Moodle wa masukulu, Odoo kapena ERPNext wa akaunti ndi katundu, WireGuard wolumikiza maofesi, firewall ya OPNsense kapena pfSense. Seva ya imelo ndingakulangizeni kuti muipewe poyamba. Kuikhazikitsa sikuvuta, koma kuonetsetsa kuti makalata ake sakugwera mu spam kwa Gmail ndi Outlook ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku, ndipo kalata imodzi ikasowa mlandu ndi wanu.

Pa kagwiridwe ka ntchito, kasitomala watsopano muyambe naye ndi ntchito yaing'ono yolipidwa yofufuza zomwe ali nazo: maseva angati, Linux wanji, akulandirabe zigamba kapena ayi, backup ili kuti, ndani ali ndi makiyi. Lipoti lomwe mudzamupatse ndilo satifiketi yanu kwa iye, komanso limakutetezani kuti mavuto omwe munawapeza kale asadzatchedwe anu. Mgwirizano ukhale wolembedwa, wonena zomwe mukusamalira, zomwe simukusamalira, ndi nthawi yomwe muyenera kuyankha akakuitanani. Yesetsani kuti azikulipirani mwezi ndi mwezi posamalira makina, osati pokhapokha aonongeka, chifukwa malipiro a pangozi pokha amachititsa kuti muzipindula ndi mavuto a kasitomala, ndipo iye adzazindikira. Dzina la webusaiti ndi ma akaunti a hosting zilembedwe m'dzina la kasitomala, osati lanu. Lowani ndi akaunti yanuyanu ndi kiyi ya SSH, mugwiritse ntchito sudo (command yobwerekera mphamvu za root) kuti zomwe mwachita zizilembedwa, ndipo tsiku lomwe mwasiyana akauntiyo itsekedwe inu mukuona. Pali ena amabisa mapasiwedi ndi kusalemba kanthu poganiza kuti kasitomala sadzawataya. Amawatayabe, ndipo powataya amauza anzawo.

Nanga mayeso mulembe liti? Pamene mwaona khomo lenileni lomwe latsekeka chifukwa cha pepala: kontrakiti yomwe ikufuna satifiketi, kampani yaikulu yomwe ikufuna kukupatsirani ntchito zake zina koma ikufuna umboni woonetsa kwa kasitomala wake, kapena ntchito za pa intaneti kumene wokulembaniyo ali dziko lina ndipo alibe woti amufunse za inu. Pamenepo ndalama ya mayeso ibwerera, ndipo ichokere m'zomwe ntchitoyo yayamba kubweretsa. Lembani amodzi, osati kutolera mapepala. Ngati makasitomala anu ali pa Red Hat, Rocky Linux kapena AlmaLinux, RHCSA ndiyo yoyenera, ndipo RHCE ingadzabwere maseva akachuluka moti kuwayendera limodzilimodzi sikukuthekanso. Ngati ambiri ali pa Debian ndi Ubuntu, onani LFCS, kapena LPIC-1 ngati fomu yomwe mukufuna kudutsa yatchula dzina limenelo. CKA isiyeni mpaka mutapeza kasitomala amene akuyendetsadi Kubernetes, chifukwa ofesi ya anthu makumi awiri yokhala ndi seva imodzi ya mafayilo sidzaifuna, ngakhale dzina lake likumveka bwino pa CV. Mukakhoza, ikani nambala ya satifiketiyo pa zikalata zanu, popeza Red Hat, LPI ndi Linux Foundation onse ali ndi njira yoti kasitomala atsimikize yekha pa intaneti, ndipo tsiku lomwe idzathere lilembeni pa kalendala yomweyo yomwe mumalembapo masiku othera a masatifiketi a mawebusaiti a makasitomala anu.